Malata a Che Rajabo

Che Rajabo, telala wa ku Mandimba, sanali munthu woponya ndalama m'madzi. Maso atayamba kuchita chidima, anagulitsa makina ake osokera, nkukamanga zipinda zitatu ku Cuamba, pafupi ndi njanji. Akuti anthu a njanji, nkhondo ivute chotani, malipiro awo saphonya mwezi, ndipo akaona denga la malata amapereka renda, ndalama yolipirira nyumba, osanyinyirika.

Mkuluyu anaziwerengera zonse mpaka mkazi wake Esha kutopa nazo. Chipinda chimodzi chizilipira msonkho wa Apwitikizi ndi kukonza zodyedwa ndi chiswe. Chachiwiri chizitseka miyezi imene nyumba ingakhale yopanda munthu. Chachitatu ndicho chakudya chawo mpaka imfa. Nzeru zinalipo, tisamunamizire. Chinthu chimodzi chokha ndicho sanachiike m'mutu: malowo anawapempha kwa amjomba a mkazi wake, Che Ossufo a ku Itepela, ndipo iye anali mkamwini chabe.

Tsiku limene anakatenga mlendi wake woyamba kusiteshoni, Eusébio wokonza mabuleki a komboyo, sitima ya pamtunda, ankayenda ngati mwini tauni. Njira yonse ankangotama zitseko zake. Atakhota pa mtengo wa mango, anaima mwadzidzidzi.

Zitseko zonse zinali pululu. Pakhonde panali anthu, m'zipinda anthu, ana atagona pa simenti yatsopano ija, nkhalamba zitatsamira khoma lopaka laimu dzulodzulo. Fungo la utsi linali ponseponse, koma moto sunkaoneka.

"Esha! Anthuwa ndani?"

"Ndi akwathu, bambo. Afika ndi mapazi kuchokera ku Itepela."

"Ndiye m'nyumba ya renda? Akhala mpaka liti?"

Funso limenelo linamveka pabwalo ponse, ndipo linali lochititsa manyazi. Che Ossufo anadzuka pang'onopang'ono, manja atawabisa m'nsanza.

"Akamwini, mukufunsa tsiku lobwerera? Tibwerera kuti? Asilikali atentha mudzi, nkhokwe, ndi mzikiti womwe. Akuti tinkadyetsa anyamata a kutchire."

Chisoni Rajabo anali nacho ndithu, koma mantha anachiposa. Makina anapita, maso akupita, ndipo mbale salipira renda, ngakhale mwana amadziwa zimenezo.

"Amjomba, moyo wanga wonse uli padengapo. Ndikapanda renda ndidya chiyani?"

"Mwanena zoona," anatero Che Ossufo mosakwiya nkomwe. "Dothi ndi la mbumba yanga, pamenepo palibe mlandu. Koma malata ndi anu. Kaphwasuleni mukagulitse, muwombole makina anu. Ife mvula tinaizolowera."

Munthu wina akanachita manyazi nkukhala pansi. Rajabo anakatenga hamala ndi makwerero. Esha anagwira pakamwa. Eusébio anatula katundu wake, maso ali tong'o. Kumwamba mitambo inali itada kale cha ku mtsinje wa Lúrio.

Ataponda kawiri katatu, makwerero anagwedera. Kenaka anakhazikika, wina atawagwira. Rajabo anayang'ana pansi kuti aone ndani.

Anali Che Ossufo. Nsanza zija zinali zitagwa, ndipo manja amene anagwira makwererowo analibe khungu, atapsa ndi moto. Anali ofiira, onyowa, zala zina zitamatirirana. Nkhalambayo inkanjenjemera ndi ululu, koma sinasiye.

"Kwerani, akamwini. Mungagwe."

Hamala inamupulumuka Rajabo nkugwera m'fumbi. Anatsika ngati woledzera, nkukhala pansi pomwepo, osatha kuyang'ana munthu kumaso. Eusébio anasenza katundu wake mwakachetechete, nati akafunsa chipinda kwina.

Madontho oyamba atayamba kulira pamalata, ana a pakhonde anakokeredwa m'kati. Rajabo anaitana mkazi wake ndi mawu osasa.

"Esha, ufa watsala wochuluka bwanji?"

"Wa lero basi."

"Phikani wonse."