Msewu wa Kuchigwa

"Tidutsa kuchigwa. Ndanena kale, ndipo ine si wailesi kuti ndizibwereza nkhani imodzimodzi."

Amazira ananena zimenezi ali chilili pakhomo, manja m'chiuno, lole itaima pafupi ndi khonde. Dzinali analitenga kumsika, kumene anagulitsako mazira kuyambira ali mtsikana mpaka sabata yapitayo, pamene anagulitsa malo awo kuti alipire lole imeneyi. Wolipira lole ndiye amaloza njira. Zimenezo sizifuna sukulu.

Mwana wawo, amene aliyense ankamutcha Waya chifukwa cha kuonda ndi ntchito yake ya magetsi, anali atapeza ntchito m'dziko loyandikana nalo. Chilolezo chinali chimodzi: iye, mkazi wake ndi mayi ake anayenera kulowa limodzi, pa chipata chimodzi, ndi katundu wawo yense. Koma zipata zinalipo ziwiri. Cha kumtunda chinali kutali, msewu wake wa phula wokhawokha koma wozungulira mapiri, ndipo malole ankagona pamzere kudikira kusechedwa. Cha kuchigwa chinali pafupi: kunyamuka m'mawa, dzuwa lisanalowe mwawoloka. Kungoti phula linkathera pa mphambano, kutsogolo kwake n'kukhala maenje ndi mabampu ogwedeza mano m'kamwa.

"Amayi, tangoonani apa," anatero Waya akuwaonetsa mapu a pafoni. "Msewu wa kumtunda uli bwino wonse. Wa kuchigwawu akuti..."

"Foniyo inakwerapo lole?"

"Ayi, koma mvula ija inagumula..."

"Mvula imagwanso kumtunda. Nyamula matiresi."

Dalaivala, bambo wonenepa wotchedwa Mabuleki, ankamanga zingwe uku akuseka. "Ine kulikonse ndimapita, mayi. Koma kumtunda mafuta ake ndi ena, mtengo wakenso ndi wina." Anasisita kabati ya magalasi imene anali atangoikweza. "Koma kabati iyi ndiye kabati. Mkazi wanga ataiona angandisamutse m'nyumba kuti ilowe iyo."

"Chotsa zala, udetsa galasi," anatero Amazira.

Za mafutazo Amazira ankazitchula kawirikawiri, koma nkhani sinali mafuta. M'mbali mwa msewu wa kuchigwa, pafupi ndi malire, kunkakhala akulu awo, m'bale yekhayo amene anatsala. Miyendo inali itatupa, sankayendanso. Awiriwa ankakangana pafoni sabata iliyonse, ndipo akapanda kukangana Amazira chakudya sichinkalowa. Kupita kunja osawaona akulu awo kunali ngati kuwakwirira ali moyo. Waya ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake lilime linkamulemera.

Koma nayenso Waya nkhani yake sinali mvula. Mkazi wake anali ndi pakati. Kawiri konse anali atapita padera, ndipo ulendo uno adokotala anamuuza kuti asanyamule zolemera, asagwedezeke. Amazira sanauzidwe. Ulendo wathawu atangomva, msika wonse unadziwa tsiku lomwelo, anagula ndi beseni la mwana lomwe. Zitalakwika, mtsikanayo sankatha kugula ngakhale mchere popanda wina kumugwira dzanja ndi kumupepesa.

"Tingowauza basi," Waya ananong'oneza atakumana ndi mkazi wake kukhitchini, kumene kunangotsala misomali m'khoma.

"Muwauze kuti mzinda wonse udziwe tisanafike pa mphambano? Ndinatopa kupepesedwa ine. Komanso amayi aakulu akudikira. Mukufuna adzati mpongozi ndiye analetsa anthu kutsanzikana?"

"Nanga mabampu aja?"

"Ndiona chochita. Pitani, akuitanani."

M'lolemo malo anali atagawidwa kale, ndipo wogawa anali yemweyo. Amazira anatenga mpando wa kuzenera, wofewa. Mpongozi anapatsidwa wapakati, wouma ngati thabwa, pamwamba pa injini. Waya anayenera kukhala kumbuyo pa matiresi, kuyang'anira katundu.

Dzuwa litakwera pang'ono, Amazira anafika pa ntchito yolongedza mbale ndi makapu. Anali atasunga mulu wa mathileyi a mazira, akatoni aja, kuti aziika pakati pa mbale. Anayang'ana pamene anawasiya, palibe.

"Ndani watenga mathileyi anga? Waya, wawotcha?"

"Sindinawaone, amayi."

"M'nyumba yopanda kanthu chinthu chisowe? Ali ndi miyendo?"

Anayenda chipinda ndi chipinda, masilipasi akulira pa simenti. Anakankha chitseko cha kuchipinda chogona ana awo. Bedi munalibe, makatani munalibe. Pakona, mpongozi wawo anali atasanja mathileyi aja, n'kuwakulunga ndi bulangeti, n'kukhalapo. Ankadzuka pang'ono, n'kukhalanso, n'kudzukanso, kuyesa ngati akufewa. Dzanja limodzi linali pamimba.

"Apongozi, mathileyi anga mukuwafungatira?"

Mtsikanayo anachotsa dzanja msanga. "Mpando wapakati uja ndi wouma, amayi."

Amazira anamuyang'ana nthawi yaitali. Uyu ndi munthu amene ankasenza ndowa yodzadza ina ili m'manja. Lero m'mawa anangogwira sutikesi, Waya n'kudumpha kudzamulanda ngati yatentha. Tiyi sanamwe, anati akununkha. Ndipo thileyi ya mazira ntchito yake ndi imodzi yokha padziko pano: kusunga chinthu chimene ukuopa kuti chisweka.

Anatseka chitseko ndi phazi.

"Adokotala akudziwa?"

"Akudziwa."

"Anati chiyani?"

"Anati ndisagwedezeke."

"Ndiye adokotala akudziwa, Waya akudziwa, mathileyi anga akudziwa. Chitsiru cha pakhomo pano ndine ndekha."

"Tinaopa, amayi."

"Munaopa chiyani? Ndimaluma?"

Mpongozi anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya bulangeti. Kenaka ananena, motsitsa mawu koma momveka: "Pakamwa panu."

Kumsika munthu akanena zotere ankachoka makutu akulira. Amazira anatsegula pakamwa pomwepo, mawu ali okonzeka. Koma anakumbukira beseni lija, mmene analibisira pamwamba pa kabati, n'kudzaligulitsa mwakachetechete kwa mayi wa tomato. Anatseka pakamwa.

"Dzukanipo apo," anatero Amazira. "Nzeru yanuyi ndinaiyesa kale ine, ndinaswa nayo mazira okwana kudyetsa mzinda. Pa msewu woipa, sanjani mathileyi mpaka kudenga, mukafika mupeza phala. Dzira limafika chifukwa cha msewu ndi woyendetsa."

"Nanga amayi aakulu? Akudikiratu."

"Imeneyo ndi mbali yanga. Inu mbali yanu ndi kukhala pansi."

Anatola mathileyi awo n'kutuluka. Panja Mabuleki anali akukoka lona yophimbira katundu.

"Iwe Mabuleki, tidutsa kumtunda."

"Wailesi yasintha siteshoni?"

"Yasintha. Vuto?"

"Vuto palibe, mayi. Koma ndinanena, walira mvula walira matope. Boda ya kumtunda ndi kutali, komanso tikagona pamzere. Mtengo wake..."

"Mtengo ndi womwe uja. Kabati imene wakhala ukuisisita ngati mkazi wachiwiriyo, tikafika usaitsitse. Ubwerere nayo."

Mabuleki anakanda chibwano. "Kabati silowa m'thanki, mayi."

"Koma ilowa m'nyumba mwako, ndipo mkazi wako asiya kukuyang'ana ngati mbale yosatsuka."

"Galasi la kumanzere lili ndi mng'alu."

"Mng'alu wauona tsopano? Ndiye masula zingwe, tsitsa katundu wanga. Kumsika kuli malole akungoyasamula, eni ake akulakalaka ulendo."

"Aa, mayi, tikukambiranatu."

"Takambirana tatha. Ndipo si zokhazo. Mpando wa kuzenera akhala apongozi anga. Wailesi yako utseke. Bampu lililonse ulipatse moni usanalikwere. Ukathamanga, kabati ndiitsitsa ndekha, ngakhale pakati pa phiri."

Mabuleki anayang'ana kabati, anayang'ana zingwe zonse zimene anali atamanga, n'kupukusa mutu. "Mayi inu mukanakhala wa kasitomu pa boda, bwenzi malole onse akubwerera panjira." Anatambasula dzanja, anagwirana.

Waya anali ataima ndi chitsulo cha bedi m'manja. "Amayi, kabati ija munaivutikira zaka..."

"Iwe usandilankhule. Mwamuna wandevu kumandionetsa mapu m'malo monena nkhani. Tenga mapilo onse uike pampando wa kuzenera."

Anapita kuseri kwa nyumba, pamene panali chingwe choyanikira zovala, n'kutulutsa foni yawo ya mabatani. Inangolira kamodzi.

"Mwafika pati?" anafunsa akulu awo osapereka ndi moni yemwe. "Ana andinyamula kundiika pakhonde kuti ndizione msewu. Lole iliyonse ndikuti ndi yanu."

"Akulu, sitidutsanso kumeneko. Tidzera kumtunda."



"Wati chiyani?"

"Msewu wanu waipa."

"Waipa lero? Unabadwira pa msewu umenewu iwe. Unkauyenda wopanda nsapato."

Mawu anafika pa lilime. Akanangonena, akulu awo akanakhululuka pomwepo, mwina n'kulira ndi chimwemwe. Koma anthu awiriwa anatuluka m'mimba imodzi, ndipo pakamwa anagawana mofanana. Pofika madzulo chigwa chonse chikanadziwa. Amazira analuma mlomo.

"Ndadziwa," anapitiriza akulu awo. "Ndi kabati yako ya magalasi ija. Ukuopa isweka eti?"

Amazira anagwira chingwe choyanikira chija.

"Eya," anatero. "Ndi kabati."

"Chabwino. Ikakusamale kabatiyo ukakadwala kumeneko."

"Ndidzabwera pa basi mvula ikatha, akulu. Ndidzakhala mwezi wathunthu mpaka mutope nane."

"Ngati undipeze. Kutupaku kwapitirira maondo."

Foni inaduka. Amazira anaiyang'ana, anaibweza m'thumba, anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Pobwerera ku lole anali akukalipa kale, akuti lona yamangidwa ngati ndi munthu wa dzanja limodzi.

Ananyamuka dzuwa lili pamutu. Mpongozi anakhala kuzenera pakati pa mapilo. Amazira anadzipanikiza pa mpando wapakati, injini ikuwotcha pansi, giya ikuwagunda bondo nthawi iliyonse Mabuleki akasintha. Sanadandaule. Mathileyi amene anatsala polongedza mbale anawaika pamiyendo.

Atatuluka mumzinda anafika pa mphambano. Kumanzere phula linkatha, msewu wofiira n'kutsetsereka kulowa kuchigwa, fumbi la galimoto ina likadali m'mwamba. Mabuleki anachepetsa liwiro n'kuwayang'ana Amazira ndi ngodya ya diso.

"Mayi, pano ndiye pomaliza kusintha siteshoni."

 Amazira anayang'ana msewu wofiirawo mpaka unabisika kuseri kwa mitengo. Mpongozi anatulutsa dzanja m'mapilo n'kuliika pa bondo lawo. Iwo sanalichotse.

Kutsogolo kunaoneka bampu loyamba la msewu wa kumtunda, lopakidwa mizere yoyera.

"Ilo," anatero Amazira, akumugunda Mabuleki ndi chigongono. "Lipatse moni."