Choko pa Tayala la Namwino

A Ndionekaye anagwira ntchito ya umakanika zaka makumi atatu ndi zinayi ku kampani yokonza misewu. Tsiku lopuma pantchito anawapatsa wotchi yapakhoma n'kuwaombera m'manja, ndipo wotchiyo inaima chaka chisanathe. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito komweko, chifukwa munthu akawauza kuti bauti wamanga kale, iwo ankangoti, "Ndione kaye," n'kutenga sipanala. Anzawowo ankaseka. Ambiri mwa osekawo magalimoto awo ankagona m'njira, koma zimenezo palibe amene amazikumbukira.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mmodzi yekhayo, anali namwino. Anamusamutsira ku chipatala chaching'ono cha kuseri kwa mapiri, ndipo anayenera kunyamuka Lolemba, yekha, mvula ili pakati. A Ndionekaye msewu umenewo ankaudziwa, poti anaukonzapo ali ndi mano onse. Uli ndi matope a dongo, kenako chitunda cha miyala chimene mbali imodzi kuli phompho. Pakati ponsepo palibe nyumba, palibe foni imene imagwira.

Mwamuna wa namwinoyo anali kalaliki wa mu ofesi, munthu waulemu ndithu, koma wokhulupirira chilichonse chimene waona pafoni. Anagulira mkazi wake galimoto yokoka matayala onse anayi, yogwirapo kale ntchito, n'kuipereka kwa amakanika a m'tauni kuti aikweze ikhale yaitali, aiikenso matayala aakulu. Kwa apongozi ake, amene anakalamba ali kunsi kwa magalimoto otere, sanafunse kanthu. Chimene anachita n'kubwera kudzataya zitsulo zakale pabwalo pawo, masipuling'i, mashokapu ndi difu, chimphika cha magiya chimene chimakhala pakati pa matayala, nati wogula zitsulo adzabwera kudzatenga. Wogula zitsuloyo anabweradi ndi sikelo yake. A Ndionekaye anamupatsa mashokapu okha. Difu anaitsuka, anaipaka oyilo, anaikulunga m'thumba n'kuilowetsa kunsi kwa bedi.

"Tikugona ndi chitsulo tsopano?" anatero akazi awo. "Chala changa chaphazi chatupa chifukwa cha mkazi mnzangayu."

"Uziyang'ana poyenda," anayankha iwo.

Loweruka m'mawa galimoto inafika. Inali yaitali moti namwino potsika anachita kudumpha. Mkamwini anatsika atavala malaya oyera, akumwetulira ngati waibereka yekha.

"Bambo, mwaiona? Iyi ndiye ngakhale mumtsinje ingodutsa."

"Ndione kaye," anatero a Ndionekaye.

Namwino anayang'ana amayi ake, onse awiri n'kubisa kuseka.

Mkuluyo anayala katoni pansi, nagona chagada pang'onopang'ono chifukwa cha msana, n'kudzikokera kunsi. Ankayembekezera kupeza zamanyazi. Anagwira masipuling'i atsopano, anali okhala bwino. Anayesa mabauti, onse anali olimba. Anauza mkamwini kuti aikweze ndi jeke mpaka tayala lilendewere m'malere, kuti aone ngati paipi ya mabuleki ikukokeka, poti anthu ambiri akakweza galimoto amaiwala kuti paipiyo sikula nayo limodzi. Paipi inali yatsopano, yaitali bwino. Zinawanyansa pang'ono. Munthu ukakonzekera kukalipa, n'kupeza chokalipira palibe, m'kamwa mumawawa.

"Ayesetsa," anatero ali kunsi komweko.

"Mwamva, mayi?" namwino anaitana. "Bambo ayamikira munthu. Lembani tsiku."

Mkamwini anakondwa, ndipo kukondwako kunamumasula pakamwa. Anafotokoza kuti matayala aakulu amadya mphamvu ya galimoto, ndiye iye anawerenga kuti mankhwala ake n'kuika difu ya magiya ozungulira pang'onopang'ono. Anakaisaka yekha kwa ogulitsa zipangizo zakale, anaipeza, amakanika n'kumuikira kumbuyo.

"Zimenezo n'zoona," anatero a Ndionekaye. "Nanga yakutsogolo munaipeza kuti?"

"Yakutsogolo sitinaikhudze. Ili bwinobwino."

Mkuluyo anayang'ana difu yatsopanoyo, yopakidwa penti yakuda, kenako anatembenuza mutu n'kuyang'ana yakutsogolo ili ndi fumbi lake lakale. Anatuluka kunsiko, nakhala pakatoni.

"Akamwini, chiitengereni kwa amakanika, munalowetsapo giya ya matayala anayi?"

"M'tauni muli phula lokhalokha, bambo. Ndikanailowetsa pati? Koma ikuyenda ngati madzi. Mwaimva nokha pobwera."

"Ikuyenda ndi miyendo iwiri. Lolemba ikafunika inayi."

Anayesa kufotokoza. Galimoto yotere, anati, ili ndi madifu awiri, ndipo ukalowetsa giya ya matayala anayi awiriwo amamangidwa pamodzi. Ayenera kukhala ofanana. Akasiyana, matayala akutsogolo amathamanga, akumbuyo akuyenda wamba, onse ali pa chitsulo chimodzi. Pamatope galimoto imapotoloka. Pamwala, pamene tayala silingaterereke, china chake chimathyoka.

Mkamwini anamvetsera manja ali kumbuyo, mwaulemu wa munthu amene sakumva. Kenako anatulutsa foni.

"Bambo, ndikukumvani, koma amakanika aja ali ndi makompyuta. Akanakhala kuti aona vuto akanandiuza. Magalimoto a masiku ano ndi osiyana ndi aja munkakonza inu."

"Munawauza kuti aone, kapena munawauza kuti aike?"

"Ndinawauza kuti aike."

"Ndiye aika."

Akazi awo a Ndionekaye anabweretsa tiyi kuti nkhani izizire. Anawanong'oneza amuna awo kuti asamuchititse manyazi mwana wa eni, wayesetsa, ndipo si amuna onse amene amagulira akazi awo galimoto, ena anangogula wailesi. A Ndionekaye anamva kumene mwala unaponyedwa, koma maganizo awo anali kwina. Ankaganiza za chitunda chija. Ankamuona mwana wawo ataima pakati pake, chitsulo chitathyoka kunsi, mvula ikubwera, kumbuyo kuli phompho. Kukangana ndi mkamwini sakanapambana. Munthu wa malaya oyera sagonja kwa munthu wa zikhadabo zakuda pamaso pa mkazi wake.

Analowa m'nyumba, natsegula bokosi lawo la zipangizo limene kiyi wake ankayenda naye m'khosi. Anatuluka ndi kachidutswa ka choko.

"Mami," anaitana mwana wawo, "kuntchito kwako umawerenga chiyani ukagwira dzanja la wodwala?"

"Kugunda kwa mtima."

"Umamufunsa dokotala kuti ukugunda kangati, kapena umawerenga wekha?"

"Ndimawerenga ndekha."

"Bwera udzawerenge. Ine maso anga anthu sawakhulupirira."

Namwino anamanga nsalu m'chiuno n'kulowa kunsi. Bambo ake anaika giya pakati, anatchinga matayala ndi miyala, nakweza tayala limodzi lakumbuyo. Analemba mzere wa choko pa tayalalo, wina pa shafuti, chitsulo chachitali chimene chimabweretsa mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu.

"Akamwini azunguza tayala kawiri, pang'onopang'ono. Iwe uwerenge kuti mzere wa pa shafuti wadutsa kangati. Usandiyang'ane ine. Yang'ana choko."

Mkamwini anapinda malaya, akumwetulirabe, nayamba kuzunguza.

"Kamodzi," anatero namwino. "Kawiri. Pang'onopang'ono, bambo a kunyumba, simukupalasa njinga. Katatu. Kanayi." Anadikira. "Kasanu, koma kwaperewera pang'ono."

"Gwira m'mutu."

Anatsitsa jeke, napita kutsogolo. Anakhoma mahabu, timaloko ta pakati pa matayala akutsogolo, nakweza tayala limodzi, nalembanso mizere iwiri. Mkamwini anazunguzanso kawiri.

"Kanayi," anatero namwino. "Kanayi ndi kachidutswa. Basi, waima."

"Ndinathamanga ine," anatero mkamwini. "Tibwereze."

Anabwereza katatu. Choko sichinasinthe mawu. Namwino anatuluka kunsi, fumbi lili m'tsitsi, kuseka kuja kutatha.

"Ndipatseni makiyi," anauza mwamuna wake.

Kuseri kwa nyumba kunali kanjira kouma kolimba ngati simenti. Namwino anaimitsa galimoto pamenepo, nalowetsa giya ya matayala anayi, n'kuyamba kuyenda ngati wanyamula mazira. Sinapite kutali. Inayamba kulimba ngati wina akuigwira kumbuyo, matayala akukwecha pansi, kenako inadumpha kamodzi, kunsi n'kumveka gu!

"Ima pomwepo!" anafuula a Ndionekaye.

Namwino anayesa kutulutsa giya ija, inakana. Anaikoka ndi manja awiri, inakanabe. Bambo ake anamuuza kuti abwerere m'mbuyo pang'ono kuti zitsulo zimasuke, ndipo atatero giya inatuluka yokha. Namwino anazimitsa injini, nakhala kaye manja ali pa chiwongolero.

"Apa ndi pabwalo," anatero bambo ake. "Pali tiyi, pali amako. Kuchitunda kuja kulibe."

Mkamwini anayang'ana foni yake, naibwezera m'thumba. Kunena chilungamo, nkhope yake inagwa ndi mantha enieni, osati manyazi okha. Anati aimbira amakanika aja. Anaimba, anamuyankha kuti difu yakutsogolo yofanana ndi imeneyo angaipeze pakatha milungu itatu, mwina inayi. Anati ndiye abwezeretse yakale. Atangonena anakumbukira, n'kugwira pakamwa.

"Ija ndinauza wogula zitsulo kuti adzatenge."

"Anabwera," anatero a Ndionekaye. "Munthu wabwino. Sikelo yake ndi yakuba."

Akazi awo anaomba m'manja kamodzi. "Kodi ndi chimene chikundithyola zala chija? Akamwini, lowani mukamutulutse mkazi mnzanga. Ali kunsi kwa bedi, mbali ya kukhoma. Ine ndamupirira mokwanira."

Ntchitoyo inatenga Loweruka masana ndi Lamlungu lonse. Difu si chinthu choti nkhalamba inyamule itagona chagada. Choncho amene analowa kunsi ndi mkamwini, atavala ovolosi yakale ya apongozi ake imene inkamulekeza m'mawondo. Mkuluyo anakhala pampando pambali, akulamula. Khetsani oyilo poyamba. Chotsani matayala. Solorani mashafuti a m'mbali, musawagoneke pamchenga. Mabauti muwaike m'chitini, osati m'thumba. Oyilo wa difu ananunkha pabwalo ponse, ndipo theka lake linathera m'khwapa mwa mkamwini.

"Mukukhala ngati mwabadwa lero, bambo a kunyumba," anatero namwino akumupatsira sipanala.

"Bauti uyu wamangika, bambo," anatero mkamwini patapita nthawi.

A Ndionekaye anatsegula pakamwa, koma mkamwiniyo anawatsogolera. Anatulutsa dzanja lakuda kunsi kwa galimoto n'kuwapatsa sipanala. Mkuluyo anagwada, nayesa mabauti onse khumi, mmodzimmodzi. Awiri anazungulira.

Atamaliza, namwino anawerenganso ndi choko. Kumbuyo kanayi ndi kachidutswa, kutsogolo kanayi ndi kachidutswa. Anapita nayo pa kanjira kolimba kaja, ndipo inayenda osadandaula. Bambo ake anamuuza kuti ndi matayala aakuluwo idzakhala yaulesi pokwera, choncho asanayambe chitunda aime, alowetse giya yaing'ono, akwere osapupuluma. Pofika pa phula atulutse. Anamuuza katatu, iye n'kuyankha katatu.

Lolemba m'mawa, akukweza katundu, a Ndionekaye anamva mkamwini akuuza mwini nyumba yoyandikana nawo kuti, "Tinaona kuti madifu akusiyana, ndiye tinangoti tisinthe tokha." Tinaona. Mkuluyo sanadabwe. Zaka makumi atatu ndi zinayi anamva mabwana akulankhula choncho, sichinali chachilendo. Anangopita kwa mwana wawo n'kumuika kachidutswa ka choko m'dzanja. Namwino anakaika m'thumba la yunifolomu, mmene mumakhala wotchi yake.

Tsiku lonselo sanagwire kanthu. Anakhala pakhonde, foni ya akazi awo ili pa bondo, akuyang'ana mitambo mbali ya kumapiri. Ankawerenga msewu m'mutu. Pano watha phula. Pano ali pa dongo. Pano waima kuti alowetse giya, ngati wakumbukira. Kuti manja asakhale chabe, anatsuka difu yatsopano ija, anaipaka oyilo n'kuikulunga m'thumba lomwe lija.

"Imeneyo ndiye isalowe m'chipinda mwanga," anatero akazi awo.

"Yakutsogolo ikadzapezeka idzafunika."

Foni inalira dzuwa litapendeka. Anali namwino. Anati wafika, matope anali ofika m'mawondo, pachitunda anapeza lole itatitimira n'kuilambalala, galimoto sinavute ngakhale pang'ono.

"Giya inatuluka bwino?"

"Ndi zala ziwiri, bambo."

"Kunsi sikukudontha?"

"Ndasuzumira. N'kouma."

A Ndionekaye sanakhutire. Mwana akhoza kunama kuti kholo lake ligone tulo.

"Uli pafupi nayo? Iyendetse pang'ono, giya ya anayi ili m'kati. Foni uike pansi, pafupi ndi mapazi."

Anamumva akuseka, akutsegula chitseko. Injini inalira. Mkuluyo anatseka khutu linalo ndi chala, natsinzina, namvetsera matayala akuponda timiyala ta pabwalo la chipatala. Anamvetsera nthawi yaitali, kudikira gu uja. Sanamveke.

Anapereka foni kwa akazi awo. "Lankhula naye, wafika," anatero. Kenako anaweramira thumba lija n'kuyamba kulikokera m'nyumba.