Tsiku Limene Chalerm Analephera Kugonja

Chalerm ankadziwa kugonja, ndipo ankagonja mwaluso. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu zimene anakhala dalaivala wa Bwana Wirot, ankasewera nawo drafuti ya zitsekerero za mabotolo akamadikira ndege kapena mvula, ndipo sanapambanepo n'kamodzi komwe. Sikuti sankatha ayi. Ankawapanikiza bwanawo mpaka thukuta kamukamu, kenaka n'kuwasiyira kampata, iwo n'kudya zitatu nthawi imodzi n'kumawomba m'manja ngati mwana. Luso limeneli, pamodzi ndi kuyendetsa mosagwedeza munthu, ndilo linkam'sunga pantchito tsitsi litayera kale. Ndilonso linkam'sunga iye ndi mkazi wake Pranee m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya bwana ku Bangkok. Kanyumbako kanali ka ntchito. Kwawo ku Roi Et munda anagulitsa kalekale, kobwerera kunalibe.

Mavuto anayamba pamene Bwana Wirot, mwini fakitale ya zakudya za nkhuku, munthu wa mimba yotsogola, anagula galimoto yampikisano yofiira, ya mipando iwiri, yotsika moti polowamo ankachita kukwawa ngati akulowa m'khola la abakha. Anaigula chifukwa mnzawo Bwana Kittisak anali nayo, palibenso chifukwa china. Amonke a kukachisi anaidalitsa, n'kudontheza ufa woyera kudenga kwake, ndipo kwa miyezi iwiri inangogona m'galaja Chalerm akuipukuta m'mawa uliwonse. Kenaka Bwana Kittisak anati galimoto yotere siyokagulira buledi, n'kuwalembetsa anzawowo tsiku lothamangitsa magalimoto pabwalo lina ku Chonburi.

Loweruka lake bwana anayendetsa okha yofiirayo, Chalerm akutsatira pambuyo ndi minibasi ya banja, itanyamula madzi ozizira, matawulo ndi zovala zosinthira. Pabwalopo oyang'anira analamula kuti chilichonse cholendewera chichotsedwe m'galimoto. Nkhata ya maluwa inachoka pagalasi, zithumwa zitatu zinachoka, bwana akuwiringula. Kumbuyo anawamatira chizindikiro chachikasu cha ophunzira, kuti othamanga kwambiri aziwalambalala. Bwana Kittisak anachijambula chizindikirocho kawiri, akuseka.

Madalaivala ndi antchito malo awo anali kuseri kwa magalaja, pamthunzi wa minibasi. Mabwana anali ndi chipinda chozizira pamwamba, mmene munali chakudya ndi sikirini yaikulu yoonetsa nthawi imene galimoto iliyonse yatenga kuzungulira bwalo. Sikiriniyo Chalerm sanaione. Iye anaonera pawaya wa mpanda, ndipo zimene anaona zinam'chititsa mantha. Yofiira ija inkatuluka pamsewu woongoka ikubangula, kufika pokhota matayala n'kulira, utsi toloo, kumbuyo kukugwedezeka. Ulendo wachitatu inazungulira ngati nguli n'kukalowa m'miyala, mpaka anachita kuikoka ndi chingwe. Chalerm anagwira pakamwa. Mumtima anati, kodi bwana amathamanga chonchi? Ndithu akuuluka.

Nthawi ya nkhomaliro anakwera ndi thawulo lozizira, akuwerama podutsa akuluakulu, n'kukagwada pambali pa mpando wa bwana. Anapeza nkhani ili mkati.

"Wirot, pokhota pachitatu paja umakafuna chiyani m'miyala muja?" anafunsa Bwana Kittisak, mpunga wa nkhuku uli m'kamwa. "Unagwetsa foni?"

Tebulo lonse linaseka. Bwana Wirot nawo anaseka, koma khosi linali litafiira.

"Matayala amenewa ndi a mumsewu wamba. Komanso mwaona nokha andichotsera zithumwa zanga."

"Zithumwa! Mnzanga iwe, galimoto ija ilibe vuto. Vuto ndi thumba la chakudya cha nkhuku limene lakhala pampandopo. Ndikulumbira, ngakhale amalume awa akhoza kukusiya." Analoza Chalerm ndi supuni.

"Chalerm? Ameneyu amayendetsa ngati wanyamula maliro," anatero Bwana Wirot.

"Ndiye ukuopanji? M'patse kiyi."

Chalerm anaphatikiza manja pamphuno. "Pepani bwana, ine zoterezi sindizitha. Ndakalamba."

"Wakufunsa ndani?" anatero Bwana Wirot, akumwetulira. Anaponya kiyi pansi, pafupi ndi mawondo ake. "Kazungulire kanayi. Akuluakuluwa akufuna kuseka."

Kenaka anamuyang'ana kamphindi, ndipo Chalerm anamva zonse zimene maso aja ankanena. Anayenera kuoneka ngati akuyesetsa, n'kugonja, anthu aseke iyeyo m'malo moseka bwana. Zimenezo sizinam'vute. Kusekedwa n'kumene kunkam'dyetsa.

Mayi wina wa yunifolomu anam'fotokozera za mbendera, yachikasu, yabuluu, yofiira, iye n'kumangogwedeza mutu. Chimene chinam'sautsa ndi chipewa cholimba chija. Chinali cha bwana, chonyowa ndi thukuta lawo, ndipo mutu wa wantchito kulowa pamene pachoka mutu wa bwana sizinam'komere. Anachipepesa chamumtima asanachivale. Atakhala pampando anakonza nzeru zake bwinobwino. Bwana ankaliza matayala, iye saliza. Bwana ankautsa utsi, iye sautsa. Pamsewu woongoka bwana ankapondereza moto mpaka pansi, iye aponda theka. Munthu wotere angapambane bwanji?

Chimene sankadziwa, ndipo palibe anamuuza, n'chakuti pabwalo lotere phokoso si liwiro. Tayala likamalira ndiye kuti likutaya nthawi. Bwana Wirot ankauluka poongoka, kenaka mantha n'kuwagwira, n'kuponda mabuleki kutali, n'kukhota mochedwa ngati ngolo, akulimbana ndi chiwongolero. M'mawa wonse uja anali omalizira pa anthu onse, koma zimenezo zinalembedwa pasikirini ya m'chipinda chozizira.

Chalerm anatuluka pang'onopang'ono, msana uli njo. Poongoka anaponda theka monga anapanganira yekha, ndipo magalimoto awiri atam'tulukira kumbuyo anawapatsa njira mwaulemu, mtima n'kukhala m'malo. Koma pokhota manja ake anachita zimene anachita kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Maso anayang'ana patali. Phazi linanyamuka mofatsa, galimoto inayambira kunja, n'kudzera m'kati, n'kutulukira kunja, osadzuka, osagwedezeka, mmene ankachitira m'mapiri a ku Khao Yai bwana ali m'tulo kumbuyo pakamwa yasa. Mabuleki ankangowakhudza. Tayala silinalire ngakhale limodzi, ndipo iye anasangalala kuti akuchedwa bwino.

Ulendo wachitatu china chake chinam'chitikira. Anazindikira kuti kumbuyo kulibe munthu, kulibe wom'dikira, kulibe kumene akupita. Moyo wake wonse anayendetsa anthu kupita nawo kwina, koma apa msewu unkangobwerera pomwe wachokera, ndipo galimoto inkamumvera asanaiuze n'komwe. Anakondwa. Anakondwa ngati tsiku limene mwana wake Fon anabadwa, ndipo m'kati mwa chipewa cha bwana, mkulu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anaseka yekhayekha. Ngakhale pamenepo sanaiwale kuponda theka poongoka.

Atabwerera anapeza anthu atadzaza pakhonde la pamwamba, akuwomba m'manja ndi kuimba mluzu. Iye anaganiza kuti akum'seka kuchedwa, ndipo anawerama mothokoza, ntchito yatheka. Anapukuta m'kati mwa chipewa ndi mpango wake, n'kukwera masitepe atachinyamula ndi manja awiri.

Bwana Kittisak anam'landira pakhomo, n'kum'kokera kusikirini. Poti kachipangizo kowerengera nthawi kanali pagalimoto, zonse zinkalembedwa pa dzina la mwini wake. Panalembedwa kuti Wirot, m'mawa, mphindi ziwiri ndi masekondi 44. Pansi pake, Wirot yemweyo, masana, mphindi ziwiri ndi masekondi 21.

"Onani zodabwitsa!" anafuula Bwana Kittisak. "Wirot wadula masekondi makumi awiri ndi atatu ali pano akudya mpunga! Imani pamenepo amalume, ndijambule. Gulu lathu lonse la pafoni lione zimenezi."

Chalerm mutu unaima. Anayang'ana manambala, n'kuyang'ana bwana. Bwana Wirot ankamwetulirabe, koma kumwetulira kwake kunali kouma, kosafika m'maso. Apa munthu wanzeru akanakhala chete, kapena kunena kuti ndi mwayi chabe, kapena kuti bwana anaitenthetsa kale injini. Koma mantha sasankha mawu. Chalerm anagwada, chipewa chili m'manja.

"Bwana, makinawo alakwitsa. Sizingatheke. Ine ndimayenda pang'onopang'ono dala, sindinaponde n'komwe."

M'chipindamo munaphulika chiseko. Wina anatsamwa ndi khofi. Wina anagona patebulo akumenya ndi chikhato. Bwana Kittisak misozi inkayenderera m'masaya.

"Mwamva? Dala! Amachita kukudikira, Wirot! Mayo ine, nthiti zanga! Amalume, nanga mukanaponda bwenzi zili bwanji? Wirot, ulendo wina uzikhala kumbuyo monga mwa masiku onse. Aa, pepa, ndaiwala, galimoto yako ilibe mpando wakumbuyo!"

Bwana Wirot sanaseke. Anamuyang'ana Chalerm nthawi yaitali.

"Dala," anatero chapansipansi.

"Bwana, sindimatanthauza kuti..."

"Kittisak, wam'konda eti? Ndakupatsa. Mtenge, ndi wako."

"Ine? Ndikatani nayo nkhalamba? Dalaivala wanga alipo, ndipo amadziwa malo ake." Anthu anasekanso, koma ena anayamba kuyang'ana m'mbale zawo.

Chalerm anakhalabe chogwada pakati pa mabwana awiriwo, wina atam'pereka, wina atam'kana. Palibe anamuuza kuti adzuke. Woperekera zakudya anachita kum'lambalala ndi thireyi ya mavwende. Patapita nthawi Bwana Wirot anatambasula dzanja, ndipo Chalerm anaikamo kiyi wa yofiira. Dzanja silinabwerere.

"Winayo."

"Wa minibasi, bwana? Nanga ndibwerera nayo bwanji?"

"Adzaitenga a kufakitale mawa. Katswiri ngati iwe sungamayendetse minibasi, n'kukunyoza kumeneko." Anatembenukira kwa anzawo. "Mavwendewa ndi okoma, talawani."

Chalerm anatsika masitepe. Madalaivala anzake pamthunzi paja anali atamva kale, poti nkhani yotere siichedwa kutsika. Palibe anam'seka, komanso palibe anam'yandikira. Mmodzi anayamba kupukuta galasi loyera kale. Iye anaima pambali pa minibasi yokiyidwa, chikwama chake cha chakudya chikuonekera pampando, n'kudikira maola awiri padzuwa, akuganiza kuti mwina mtima wa bwana uzizira. Anakonza mawu opepesa, n'kuwasintha, n'kuwasinthanso. Bwana atatsika, iye anathamanga kukawatsegulira chitseko cha yofiira ija. Anam'lola kutsegula, anakwawira m'kati, anatseka okha, n'kunyamuka mwaukali, osam'ponyera ndi diso lomwe.

Kuchokera pabwalopo kukafika pamsewu waukulu ndi makilomita atatu. Anayenda wapansi, magalimoto okongola akum'dutsa imodziimodzi, ena akuliza hutala momulonjera. Ali pamalo odikirira basi, foni inalira. Anali Pranee, ndipo kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka phokoso la zinthu zokokedwa pasimenti.

"Bambo a Fon, kuno kwabwera anthu atatu a kufakitale ndi lole. Akutulutsa katundu. Akuti bwana aimba foni kuti m'nyumba muno mulowa dalaivala wina Lolemba. Mwatani? Mwagunditsa galimoto?"

"Ayi."

"Mwaikala?"

"Ayi, mayi a Fon. Ilibe ngakhale kachipsera."

"Mwawayankha mwachipongwe? Inu simuyankha munthu. Ndiuzeni zoona, ndipite kwa adona ndikagwade."

Chalerm anakanikiza foni kukhutu. Anamva mkazi wake akuuza wina kuti asamale, kabatiyo ndi ya magalasi. Kenaka mawu ake anabwereranso, otsika, a munthu amene wasiya kufunsa zifukwa.

"Akweza kale bedi. Woyendetsa akufunsa kuti lole ipite kuti. Ndimuuze kuti?"

Basi ya ku Bangkok inaima, kondakitala n'kuitana kawiri, n'kunyamuka. Chalerm, amene ankadziwa misewu yonse ya mumzindawo ndi zidule zake zomwe, anangogwira foni kukhutu, osatchula malo.