Kompyuta Yotsegula ya Amalume

Vuto linayamba ndi mawu amodzi basi, ndipo ndinawatulutsa ndine.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya amalume anga a Wallace ku Magomeni, kuno kumene amayankhula Kiswahili, yokonza mapepala a malole opita kwathu ku Malawi. Makompyuta athu awiri ndi nkhalamba yaani, ukayatsa umatha kumwa chai, tiyi wa kuno, asanadzuke. Windows yake inasiya kulandira ma update. Ndiye ndinaitana Shakila, fundi wa makompyuta, adzaikemo Linux.

Amalume anaima kumbuyo kwake, maso pa flash imene anabwera nayo.

"Umufunse, chinthuchi anagula kuti?"

"Ni bure, mzee," anatero Shakila. "Open source."

"Akuti chani, Tiwale?"

"Akuti ndi yaulere, amalume. Komanso ndi yotsegula."

Eish. Nkhope inasintha pompo.

"Yotsegula? Mapepala a makasitomala anga pa mtetete? Wamutuma ndani mtsikanayu, Robert?"

A Robert ndi a ofesi yoyandikana nafe, amalandana makasitomala ndi amalume. Ndinafotokoza kuti chotsegula ndi kapangidwe kake, osati mafayilo athu. Wapi.

"Chinsinsi changa chikatuluka, iwe ukukwera basi pa depoti ya Mbezi, wa kwanu ku Kasungu. Wamva?"

Makompyuta anayamba kuthamanga bwinobwino, koma amalume akuti kuthamangako ndiye umboni. "Ikuthamangira kuti? Ikukapereka lipoti kwa ndani?"

Lachitatu anatchera msampha. Anandiuza nditaipe pepala labodza, lonena kuti matani 60 a feteleza afika ku bandari, doko la sitima, akufuna malole. Ndinasunga mu kompyuta. "Tione ngati Robert amve."

Lachisanu m'mawa a Robert tolo pakhomo, akumwetulira.

"Achimwene, ndamva za feteleza. Malole ndili nawo awiri."

Amalume anangonditembenukira.

"Kalongedze."

"Amalume, mundilole funso limodzi."

"Funsa uli chiimire."

"Za msampha wanuwu munauzako ndani?"

"Palibe!"

"Olo mmodzi?"

Anakanda kumutu. "Ezekiel dalaivala basi. Uja ndi munthu wanga."

"Ine anandiuza ndi Mwamvita wogulitsa chai uja," anatero a Robert. "Akuti munamufotokozera dzulo, matani 60. Zoti ndi msampha sanamve, Kiswahili chanu nchovuta achimwene."



A Robert atatuluka akuseka, amalume anakhala pampando wanga nkuyang'anitsitsa skrini nthawi yaitali.

"Ukhala," anatero. "Koma umuimbire Shakila abwere kesho aitseke."

"Aitseke chani amalume?"

"Wati ndi yotsegula iwe. Aitseke."

Shakila ndamutumizira meseji kuti abwere mawa ndi nkhope ya serious, adine dine mabatani mphindi khumi. Wayankha ndi ma emoji oseka okhaokha, koma akuti afika 9 koloko.