Ambuya Ovala Mataye

Lighton Miti anatulukanso panja kukayang'ana nkhuni, ngati kuti maso okha angaziwaze. Zinali momwe lole ya kufakitale inazikhuthulira dzulo lake, mitengo yathunthu, nkhwangwa ili gone pambali. M'madiramu munalibe ndi dontho lomwe. Kumanda nako, kumene bambo ake, a Lastone Miti, amayenera kuikidwa dzuwa likapendeka, kunalibe amene anali atagwetsa khasu pansi.

Si kuti anthu sanabwere. Amuna a shifiti ya malemu, onyamula matumba, ambiri a iwo Abemba, anali atandanda pamabenchi kutsogolo kwa nyumba ku Kafue Estates, atavala mataye, manja ali pamawondo ngati akudikira wojambula. Aliyense pofika anapatsa Lighton moni wa manja awiri, nanena motsitsa mawu kuti pepani bwana. Ulemu umenewo ndi womwe unkamudya moyo.

Pamaliro a Mngoni, eni ntchito ndi Abemba, omwe amatchedwa ambuya. Amafika ndi phokoso, kulanda makasu ndi mapoto, kupaka anamfedwa ufa kumaso, kunyoza malemu kuti wathawa ntchito, mpaka wamasiye aseke misozi ili m'masaya. Ndiwo amakumba, ndiwo amanyamula bokosi. Mwana sakumba manda a bambo ake. Chimbuya chimenechi Lighton anakula nacho, koma ndi iye yemwe anachipha ndi pakamwa pake.

Boma litanena kuti maudindo a Azungu ayambe kupita kwa eni dziko, fakitale inamutumiza ku kosi ya utsogoleri ku Kitwe. Anabwerako ndi jekete latsopano, kayendedwe katsopano, ndi mantha aakulu oti anthu amene anamuona ali ndi mamina sadzamuopa. Tsiku lomwe analengezedwa kukhala supavaiza, woyang'anira ngakhale bambo ake omwe anali kapitawo, ba Lemmy Chisanga, Mbemba wa shifitiyo, anamukhuthulira ufa pamutu pamaso pa mamanijala, akufuula kuti kapolo wawo wakwera. Ba Lemmy anali mnzawo wa a Lastone kuyambira masiku omwe ankagwira ntchito kunjanji, ndipo aliyense anadziwa kuti ndi chisangalalo. Lighton yekha anangoona jekete lake ndi maso a Mzungu. Anaimitsa ba Lemmy ntchito kwa kanthawi, nalengeza kuti chimbuya chizithera pageti, ndipo kwa iye chatheratu. Mwezi usanathe a Lastone anagwa akusamba, mtima utaima.

Tsopano anthu anali kungomvera lamulo la bwana.

Lighton anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene anapeza mlongo wake Mainess akutula ndowa pamutu, maso atatupa. Anamuuza kuti aganiza zothamangira kuboma kukapempha anyamata a khonsolo kuti akakumbe. Mainess anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutaye.

"Mufuna atate bakumbiliwe na bantu bosabaziba, monga chidakwa chotoledwa pa njanji? Basilikali banu baja bali pabenchi. Kambani nabo, si ndimwe munapita kusukulu ya zokamba na bantu?"

Mawuwo anamubaya, koma anamupatsanso mphamvu yolakwika. Anabwerera kutsogolo, naimirira pamaso pa mabenchi, manja kumbuyo. Anayamba kugawa ntchito monga anaphunzirira: awa kumanda, awa kunkhuni, awa kumadzi, ndipo iye adzabwera kudzaona. Ali mkati moyankhula anamva mawu ake omwe. Sanali ake. Anali a mphunzitsi wa ku Kitwe uja, ndi kakhosomole kake komwe.

Palibe anasuntha. Ba Lemmy anavula chipewa mwaulemu wonse, nayamba ndi mawu a Chibemba olemekezera wamkulu.

"Mukwai, ise tabwela monga banchito banu, kuzapepesa. Banchito sibakumba manda. Bamene bakumba ni bambuya, manje imwe munakamba mweka ati mulibe."

Lighton anafuna kukalipa, koma pano panalibe belu kapena ofesi. Analowa m'nyumba. Pabalaza panali potentha, azimayi atazinga bokosi, nyimbo ikukokedwa mofooka. Amayi ake, a Fines, anali atatsamira khoma. Anagwada pafupi nawo akuyembekeza kuti amudzudzula, kapena amuuza chochita. Iwo sanachite zonsezo.

"Nalila kuyambila zana, mwana wanga, palibe wabwela kunisekesako. Nalema."

Apa ndi pomwe Lighton anachita manyazi enieni, oposa a tsiku la ufa lija. Anaona kuti ulemu umene ankaufuna anaupezadi, ndipo unali utakhala panja utavala taye, pamene amayi ake ankalira okha.

Anapita kukhitchini. Mainess atamuona akutapa ufa wa nshima m'beseni anatsegula pakamwa, kenaka anangomupatukira. Lighton sanavule jekete. Anatuluka nalo beseni m'manja, napita kukagwada pafumbi patsogolo pa ba Lemmy. Anaweramitsa mutu, nakweza beseni. Mawu onse amene anakonza anathawa.

"Ambuya, kapolo wanu nabwela."

Lighton ankaona nsapato za ba Lemmy zokha, zong'ambika kuchala. Anaopa kuti nsapatozo zitembenuka n'kumapita, ndipo akanaimba mlandu ndani?

Kenaka ufa unatsika. Unalowa m'makutu, m'khosi, m'matumba a jekete. Ba Lemmy anamutikita nawo kumaso mosanyengerera, akufunsa anzawo ngati anaonapo Mngoni wonyansa chonchi, wodya mbewa wovala taye. Mabenchi anagwa. Mataye analowa m'matumba, wina anatola nkhwangwa, ena ananyamula makasu n'kuthamangira kumanda. Ba Lemmy analowa m'nyumba ndi ufa wotsala, naima pabokosi kufunsa a Lastone kuti athawiranji shifiti matumba asanathe. Lighton ali panja anamva amayi ake akuseka, kuseka kosweka, kosakanikirana ndi kulira.

Dzuwa litapendeka, nthawi yotulutsa bokosi inakwana. Amuna anaima mbali zonse, koma palibe anagwira chogwirira. Lighton anayambanso kutekeseka, akuyesa kuti pali china walakwitsa. Ba Lemmy anayamba kuzungulira, akuyenda motsimphina pang'ono, ndipo Lighton anazindikira kayendedwe ka bambo ake. Anaika dzanja paphewa la woyamba.

"Ackson, musana uli bwanji lelo?"

Ackson anayankha kuti uli bwino. Ba Lemmy anapita kwa wotsatira, nafunsa za bondo lake, wina za mwana wodwala, aliyense ndi dzina lake, akudikira yankho asanapitirire. Mmodzi atanena kuti phewa likumuvuta, anamusuntha kumuika kumapazi, kopepuka. Amuna akuluakulu aja ankasekerera misozi ikutsika. Mainess ananong'oneza Lighton kuti atate sankalola thumba linyamulidwe asanachite zimenezi. Lighton anali asanazionepo, chifukwa nthawi imeneyo iye ankakhala muofesi.

Ba Lemmy atamaliza anaima kumutu kwa bokosi, kolemera, kumene a Lastone akanaima. Asanawerame anatembenuka, naika dzanja loyera ufa paphewa la Lighton, nadikira kuti nayenso anene pamene pakumupweteka.