Mapu a Dzalanyama ku Highfields

A Henderson anabwera ku Leicester mu 2017 kudzacheza miyezi isanu kwa mwana wawo Keturah, namwino. Mwezi wachinayi anagwa m'bafa, mbali ya kumanja n'kufa ziwalo. Masitepe anawakanika, ndiye anangokhala m'chipinda cha pamwamba, m'kanyumba kopanikizika ka ku Highfields. Pawindo ankaona khoma la njerwa ndi mabini a zinyalala. Munthu amene anaweta ng'ombe zaka makumi atatu m'mapiri a Dzalanyama tsopano ankadikira Keturah aweruke kuti awatembenuze.

Loweruka lina kunabwera a Razak, mwini shopu ya pakona, wobadwira ku Lilongwe, atanyamula chipepala chokulunga.

"Ndachipeza m'sutikesi ya malemu bambo," anatero a Razak. "Ankagula zikopa kwanu kuja."

Anachiyala pabedi. Anali mapu a nthawi ya atsamunda, ofiirira ngati fodya, odzaza timizere tokhotakhota tosonyeza kukwera kwa mapiri. A Henderson anayendetsa chala cha kumanzere pang'onopang'ono, n'kuima pamene timizereto tinathinana.

"Apa pali phedi. Tinatayapo nkhunzi ziwiri chaka cha mvula yambiri." Mawu ankatuluka movutikira. "Koma azunguwa anaiwala kasupe. Ali apa, kuseri kwa thanthwe. Dibi tinamanga munsimu."

A Razak anawapatsa pensulo, iwo n'kulembapo kamtanda kopendekeka.

Keturah pochokera ku shifiti anawapeza maso akadali pomwepo.

"Undibukire tikiti," anatero a Henderson. "Ndikafere kumene ndikudziwa njira."

Keturah anakhala pampando asanavule yunifolomu. "Ababa, adokotala akana za ndege. Pasipoti yanunso ikadali ku boma kuja tinaapulaya kuti akuwonjezereni masiku okhala kuno. Nanga kumudzi akakusamaleni ndani? Amayi kulibe."

"Ndiye ndikhala muno mpaka liti?"

Keturah anawakonzera pilo, n'kutsika kukatenga mapiritsi.

Kuyambira pamenepo a Razak ankakwera masitepe aja Loweruka lililonse akatseka shopu masana. A Henderson ankatchula mayina a timitsinje, madambo ndi makola, a Razak n'kumalemba m'mphepete mwa mapu mpaka malo anatha. Masiku enawo chipinda chinkakhala zii, kungomva mabasi.

Pasipoti inafika patatha miyezi khumi ndi inayi. Adokotala sanasinthe mawu, ndipo mwendo wa kumanzere unali utayambanso kulemera. Keturah anaiika pasipotiyo m'dirowa ya kukhitchini. A Henderson anamva postimani akugogoda m'mawa umenewo, koma sanafunse.