Roketi ya Mipando Iwiri

Chidwalireni matenda opha ziwalo, mphunzitsi wina wa sayansi anatsala ndi dzanja limodzi logwira ntchito, mlongo mmodzi ndi kompyuta. Pa zitatuzi, chimene ankachisamala kwambiri chinali kompyuta.

Mlongo wakeyo anali telala, wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu. Tsiku limene mkazi wa mphunzitsiyo ananyamula masutikesi awiri n'kunena kuti akukapuma pang'ono kwa makolo ake, telala anatseka shopu yake n'kubweretsa makina osokera m'chipinda chochezera cha mchimwene wakeyo. Zaka ziwiri zinatha mlamu akupumabe. Msewu wonse unkadziwa kuti akupumira m'galimoto ya mwini galaja wina, kupatula mwamuna wake, amene ankapukutabe chithunzi cha ukwati ndi mkono wa malaya. Telala ndiye ankamusambitsa, kumumeta ndevu, kumunyamula popita kuchimbudzi. Chibale ndi fupa sichiola, amatero anthu, makamaka amene sanachapepo zofunda za m'bale wawo.

Dokotala atanena kuti wodwalayo apeze chochita kuti ubongo usagone, iye anapeza gemu ya maroketi. Umamanga roketi wekha, thanki pamwamba pa thanki, injini pansi, n'kutumiza tianthu tovala zipewa zagalasi kumapulaneti ena. Tianthu take titatu anatipatsa mayina. Wina anali Sala, monga ana asukulu ankamuitanira iye mwini, wina Madamu, poganizira mkazi wake, wachitatu Chemwali, monga ankaitanira mlongo wake. Telala ataona dzina lake pa sikirini anati nzachibwana, koma tsiku lonselo anasoka akuimba. Zinamusangalatsa, tisabise.

Atatuwa anakatera pa pulaneti lina lofiirira, la mpweya wothithikana ngati matope. Kutera kunali kosavuta, poti mpweyawo umakuwakha wokha. Kuchokako ndiye kunali nkhani. Mphunzitsi ankafotokoza ndi pakamwa pake popotoka kuti kumeneko ukaponda moto msanga, mpweya umakankha mphuno ya roketi, roketi imatembenuzika n'kupsa. Umayenera kukwera choongoka, pang'onopang'ono, n'kumataya mathanki otha mafuta limodzilimodzi, ndipo umatsegula moto wonse pokhapokha mpweya ukapepuka. Kuthamanga si kufika, ankatero, chala chili m'mwamba ngati ali m'kalasi.

Anzake a gemuyi roketi ikaphulika amangobwerera m'mbuyo n'kuyambiranso. Iye ayi. Anazimitsa zobwererazo tsiku loyamba lomwe, ati sanalolepo mwana kulemba mayeso kawiri, ndiye asayambe lero. Mu gemu yake wafa wafa. Choncho kwa miyezi isanu ndi iwiri ankangotumiza maroketi opanda anthu, kuwayesa, kuwaona akusweka, kulemba manambala m'kope, uku atatu aja ataima pafupi ndi mbendera yawo akudikira.

Kuulutsa roketi kumafuna manja awiri. Iye ankawongolera ndi dzanja lamanja, ndipo telala ankasiya zosoka n'kukhala kumanzere kwake, kumene kunali dzanja lakufalo. Ntchito yake inali mabatani awiri, lalitali lotayira mathanki ndi laling'ono lowonjezera moto. Anaidziwa ntchitoyo ngati kulowetsa ulusi mu singano. Ankachita kulota nambala ya liwiro imene sayenera kuipitirira.

Loweruka lina masana roketi yopulumutsira inali itatera bwinobwino pafupi ndi mbendera. Telala anameta mchimwene wake, anamuveka malaya ositidwa, n'kuika pambali diresi laukwati la kasitomala limene linkafunika Lolemba. Anakhala pamalo pake kumanzere ngati wokakwera roketiyo ndi iye mwini.

Sala anakwera makwerero n'kulowa. Madamu anakwera n'kulowa. Kenako mphunzitsi anadina batani, makwerero anagwa pansi. Chemwali anali chiimire pa mbendera, akumwetulira monga timachitira tianthu timeneti.

Telala anaganiza kuti waiwala, ndipo anamuuza moseka. Mphunzitsi sanatembenuke n'komwe. Anati chipinda cha mipando itatu n'cholemera komanso n'chotambalala, mpweya sungachilole kudutsa, wawerengera kambirimbiri. Cha mipando iwiri ndicho chingatuluke. Telala anafunsa kuti wadziwa liti zimenezi. Anati papita miyezi itatu. Anafunsanso ngati kudzapite roketi ina kukatenga wotsalayo. Anati pulaneti limeneli lamukwana, akatulukako akufuna akayese lina lozunguliridwa ndi miyezi iwiri.

“Ndiye wotsala ndikhale ine?”

“Inu mumatha kudikira, achemwali,” anatero mphunzitsi, maso ali pa manambala. “Madamu sanazolowere kuvutika.”

Sanalankhule mwachipongwe. Analankhula ngati akunena kuti madzi amawira akatentha, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Telala anayang'ana manja ake osuwa ndi sopo wochapira. Miyezi itatu yonseyo iye anali akudina mabatani, kukonzera mlamu wake mpando.

“Takonzekani. Zitatu, ziwiri, chimodzi.”

Roketi inanyamuka, fumbi lofiirira linakwirira mbendera ndi mwini wake. Mathanki oyamba atatha, telala anadina batani lalitali pa nthawi yake yeniyeni, ndipo anagwa bwino. Achiwiri chimodzimodzi. Mphunzitsi anali thukuta kamukamu, dzanja lili pa mabatani owongolera, akunong'ona kuti zikutheka, zikutheka. Pakona ya sikirini pankaoneka nkhope ziwiri, Sala ndi Madamu, phewa ndi phewa, akusekerera.

Anafika pamalo ovuta aja, pamene maroketi ambiri anathera. Mphunzitsi anati asakhudze chilichonse, moto ukhale pomwepo mpaka anene.

Telala anaika chala pa batani laling'ono n'kulikanikiza, osachotsa.

Injini zinabangula. Nambala ija inadutsa malire, mphuno ya roketi inayamba kufiira. Mphunzitsi anayesa kutukula dzanja lamanzere kuti amukankhe, koma dzanjalo linangogona pa ntchafu monga mwa masiku onse. Lamanja sakanalichotsa, poti roketi inali itayamba kale kudzandira. Anali ndi dzanja limodzi, ndipo linalo linali la mlongo wake.

“Achemwali, chonde. Muli anthu mmenemo.”

“Ndikuwaona,” anatero telala.

Roketi inapendekeka, inatembenuzika, inathyoka pakati. Kunawala kamodzi, ndipo nkhope ziwiri zija zinazima. Gemu inalemba mayina awiri a omwalira, kenako, monga imachitira, inabwerera yokha kwa wamoyo amene anali pafupi. Fumbi linali litakhazikika. Chemwali anali pomwe paja, pambali pa mbendera, akumwetulirabe.

Mphunzitsi analira. Sanalire chonchi tsiku limene anagwa m'kalasi, ngakhale tsiku la masutikesi lija. Misozi inkatsika, dovu likuyenderera mbali yopotoka ya pakamwa. Telala anamva manyazi, koma anamvanso kukoma, ndipo kukomako kunali kwakukulu kuposa manyaziwo. Anatenga kansalu kamene kankakhala paphewa pake n'kumupukuta pachibwano mosamala, monga ankachitira tsiku ndi tsiku.

Mphunzitsi anapempha kuti azimitse kompyuta, amuperekeze kuchipinda akagone. Telala anakankha njinga yake ya olumala n'kuifikitsa pafupi ndi sikirini, anaiwongola bwino, n'kumanga mabuleki onse awiri. Kiyibodi anainyamula n'kuiika pamwamba pa kabati.

“Muyang'anitsitse,” anatero. “Ndi yekhayo wakutsalira.”

Anabwerera pa makina ake, anayala diresi laukwati lija n'kuyamba kupalasa. Patapita kanthawi anamva mawu aang'ono kumbuyo kwake. Mchimwene wake ankati akufuna kuchimbudzi. Anaitana kachiwiri, kachitatu, ndi ulemu wonse umene sanaugwiritsepo ntchito zaka ziwiri. Telala anadula ulusi ndi mano, anayang'ana msoko ngati wawongoka, n'kuikanso phazi pa chopondera.

“Dikira,” anatero. “Sizovuta. Uzolowera.”